Sewero Limene Anatiletsa pa Kachulu

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma ndinalibe chochita. Ntchito yanga ndi yoyanika matemba pa Kachulu n'kumakagulitsa ku Songani ndi ku Zomba, koma chaka chimenecho mathandala anga anangokhala padzuwa opanda kanthu, mbuzi n'kumagona pansi pake. Mabwato anali chafufumimba pamatope ong'aluka. Amuna ambiri anachoka kukafuna maganyu kwina, otsala ankangosewera bawo.

Mnzanga wapamtima ndi telala. Makina ake amakhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi pokwerera minibasi. Tinadziwana tili sitandade 3, tikulimbirana mwala wokhalira pansi pa mtengo wa mango, poti kalasi yathu inali pamenepo. Iye ndi Myao, Msilamu. Ine ndine Mlomwe, wa kutchalitchi, makolo anga anachokera ku Mozambiki. Zimenezi sizinatipatsepo vuto. Pa Khirisimasi nkhuku yanga amazinga ndi amuna ake kuti nayenso adye nawo, ndipo Ramadani ikatha mpunga wake umafika kwathu usanapole.

Tinali ndi gulu la amayi asanu ndi anayi lochita masewero. Analiyambitsa ndi a zaumoyo kuti tiziphunzitsa anthu za kolera. Ine ndinamwalira ndi kolera pabwalo la sukulu kambirimbiri, moti anthu ankayamba kulira maliro mwachipongwe ndisanagwe n'komwe.

Mwezi wa Okutobala kunagwa maliro ku chilumba cha Chisi, a mayi wina amene tinkagula naye nsomba. Ine ndi mnzangayo tinapita wapansi, poti madzi kunalibe. Titaika maliro, mchimwene wa malemuwo anatiperekeza, n'kutidutsitsa m'munsi mwa phiri. Anatilozera miyala yosanjikizana ngati mpanda, ina itagumuka, mitengo itamera pakati pake.

"Anasanja imeneyo ndi makolo athu," anatero. "Ankabisala kuseri kwake pothawa ogwira akapolo. Nyanja ikakhala ndi madzi ankagona tulo. Koma ikauma ngati mmene yaumiramu, adaniwo ankangobwera wapansi ndi mfuti zawo."

"Adaniwo anali ndani?" ndinafunsa.

Bamboyo anatsegula pakamwa, nayang'ana mpango wa mnzanga, n'kutsekanso. "Anthu basi," anatero.

Pobwerera tinayenda nthawi yaitali, matope ouma akuphwanyika kumapazi kwathu. Kenako mnzanga anaima.

"Unaona mmene anandiyang'anira?"

"Ndinaona."

"Akanangonena kuti Ayao. Ndimadziwa ine. Tonse timadziwa, koma ndikakhalapo aliyense amameza mawu ngati ndisweka." Anavula silipasi n'kukutumula fumbi. "Iwe, kolera ndatopa naye. Tipange sewero la zimenezi."

Ndinalilemba m'masamba otsala a kope la mwana wanga wamkazi, nditakhala pambali pa makina ake. Iye ankapalasa, ine n'kumawerenga, akamva pomwe sipakumukomera n'kuimitsa phazi. Nkhani yake inali ya atsikana awiri. Wina wa pachilumba, wina mwana wa mtsogoleri wa ankhondo ogwira anthu. Nyanja yauma, ankhondo afika, nkhondo yabuka m'munsi mwa phiri, mfuti mbali ino, mauta ndi miyala mbali inayo. A pachilumba alimba masiku atatu. Tsiku lachinayi malume ake a mtsikana wa pachilumbayo atsikira kwa adani n'kuwalozera kanjira kakuseri kwa mpanda, kuti iwo ndi ana awo asiyidwe, n'kulandiranso nsalu imodzi. Mtsikanayo agwidwa, avekedwa goli, mtengo wamphanda uja ankamangira akapolo m'khosi, n'kumusunga kumudzi kwa ankhondo podikira ulendo wa kunyanja yamchere. Womupatsa madzi ndi mwana wa mtsogoleri uja. Poyamba sagwirizana, chinenero samvana, kenako aphunzitsana nyimbo, aphana nsabwe, agawana chinangwa. Tsiku la ulendo mwana wa mtsogoleriyo azula chikhomo cha goli, mnzake athawa, ndipo amalonda amene abwera kudzagula anthuwo, poona kuti mutu umodzi wasowa, aveka golilo womasulayo. Bambo ake angoonerera, mfuti ili m'manja.

Za malume wogulitsa mphwake anaumirira ndi mnzanga. "Ngati a kwathu anagula, alipo amene anagulitsa," anatero. "Usandisiyire katundu yense ndekha." Anaumiriranso kuti mtsikana wogwidwayo akhale iyeyo, ine ndikhale mwana wa mtsogoleri. "Ndikakhala ine wopereka madzi ndi womasula, anthu adzati taonani Ayao akudzisambitsa. Golilo ndivala ine."

Golilo anasema ndi amuna anga, amene ndi msodzi ndipo nawonso ankangokhala. Poyamba anakana. "Mayi, chinthu chimenechi sichoyenera kukhala pakhomo pa munthu." Koma mawa lake ndinawapeza kuseri kwa khitchini akupala nthambi yamphanda ya bulugama. Mfuti tinapanga za makungwa a nthochi, kulira kwake tinkamenya mgolo. Mbali za amuna tinkachita tokha amayi, ndevu zamakala, zipewa zobwereka.

Tinachita Loweruka masana pabwalo la sukulu. Anthu anabwera ambiri, poti panalibe wopita kunyanja. Ankhondo athu atatulukira ndi ndevu zawo anthu anaseka mpaka ena kugwa pamabenchi. Pankhondo ankakuwa, kuchemerera a pachilumba ngati mpira. Malume uja atalandira nsalu phokoso linachepa. Koma mnzanga atatulukira kuseri kwa kalasi, goli lili m'khosi, wina akumukoka ndi chingwe, iye n'kupunthwa n'kugwada, pabwalo panangoti zii. Ndinamva ntchentche. Ndinamupatsa madzi m'chikho.

Sewero litatha tinagwirana manja n'kuwerama monga tinkachitira pa za kolera. Owomba m'manja anali ochepa, nawonso analeka msanga ataona kuti ali okha. Anthu anabalalika mwakachetechete. Mayi wina wokalamba podutsa pafupi nane analavula pansi. Mpaka lero sindidziwa ngati ankalavulira ine kapena malume uja.

Woyamba kubwera kwathu anali aphunzitsi opuma, amene anatiphunzitsa tonse awiri mbiri yakale mu sitandade 7. Anafika Lolemba m'mawa atavala jekete, pepala lopinda lili m'thumba. Ndinawayalira mphasa, iwo anakana n'kukhala pa mtondo wogadabuza.

"Mwana wanga, ndalemba zolakwika za sewero lako," anatero. "Choyamba, mfuti. Mfuti za nthawi imeneyo zinali za gogodela. Ukawombera kamodzi, uyambe wathira onga, ugogode, nthawi yonseyo mdani akukuyandikira. Inu mgolo wanu unkangolira ngati wa asilikali a masiku ano."

"Chimenecho ndamva, aphunzitsi. Tikonza."

"Chachiwiri, iwe ndiwe Mlomwe. Makolo ako anafika kuno zimenezi zitatha, kudzalima m'maesiteti a azungu. Sanagwire munthu kuno, sanagwidwe kuno. Nkhaniyi ikukukhudza pati?"

"Mnzanga ikumukhudza, ndiye ine indiphonye bwanji? Ana anga anabadwira pano. Miyala ija amaiona akamapita kukatola nkhuni."

"Chachitatu ndiye chachikulu. Chinzake chimene mwaikamocho n'chabodza. Mwathira shuga m'mankhwala owawa kuti anthu ameze. Kapolo ndi mwana wa mbuye wake sankaphana nsabwe."

Ndinali ndisanawayankhepo mokweza aphunzitsi amenewa moyo wanga wonse. Koma tsiku limenelo ndinati, "Aphunzitsi, chaka chonse chija munatiphunzitsa za akapolo, munkatiuza za zombo ndi maiko a kutsidya kwa nyanja zamchere. Tinajambula mapu. Simunatiuzepo kuti mpanda wa anthu othawa uli apa, phiri lake likuonekera pawindo la kalasi. Ngati talakwitsa, talakwitsa chifukwa tayamba tokha pomwe inu munasiya dala."

Anapinda pepala lawo pang'onopang'ono. "Silabasi sinanene," anatero, n'kunyamuka osamwa madzi amene ndinawapatsa.

Aphunzitsiwo anali chabe chiyambi. Wina anajambula sewerolo pafoni, koma chimene chinafalikira ndi kachidutswa kakang'ono: ankhondo ovala zisoti akukoka munthu pachingwe, akulankhula Chiyao. Za malume munalibe, za kumasula munalibe. Pofika Lachitatu kanali kataonedwa ku Songani, ndipo anthu amene sanapondepo pabwalo lija ankadziwa bwino kuposa ife zimene tinkatanthauza. Ankati amayi a kutchalitchi a pa Kachulu anyoza Asilamu. Ena atazindikira kuti wovala goliyo ndi Msilamu mnzawo, anati wagulidwa.

Ndinapita pakhonde paja Lachinayi n'kupeza mayi wina akuchotsa nsalu zake pa mulu wa zodikira kusokedwa. Mnzanga sanamuletse. Anamupindira bwinobwino n'kumuikira m'jumbo.

"Ameneyu ndi wachinayi lero," anandiuza mayiyo atapita. "Abambo akunyumba nawo akuti ndikadzavalanso chimtengo chija ndikavalire kwathu."

"Ndiye tisiye?"

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Ukundifunsa kapena ukundiuza?"

Kumbali kwathu nako sikunali bwino. Mkulu wa mpingo wathu amayi ake anali a ku Chisi, ndipo za malume uja zinamuwawa. Ankauza anthu kuti tanyoza makolo amene anafa akuteteza ana awo, tawasandutsa ogulitsana ndi nsalu. Pamjigo ndikafika amayi ankasiya nkhani, n'kumangoyang'ana zidebe. Amayi anayi a m'gulu lathu anatumiza mawu kuti atanganidwa, pamene aliyense ankadziwa kuti pa Kachulu chaka chimenecho panalibe chotanganidwa nacho.

Sabata yotsatira anatiitanitsa kusukulu, m'kalasi ya sitandade 8. Ife asanu otsala tinakhala m'madesiki ngati ana. Kutsogolo, pa benchi limodzi, panakhala mkulu wa mpingo ndi a shehe, mapewa atagundana. Chibadwire changa ndinali ndisanawaone akugwirizana chinthu ngati mmene anagwirizanira tsiku limenelo. Anthu ena anadzaza m'mbali ndi m'mawindo. Golilo anatiuza kuti tibwere nalo, ndipo linagona pa tebulo la aphunzitsi.

A shehe analankhula mofatsa. Anati pa Kachulu timakwatirana, timaikana maliro, timakwera bwato limodzi, ndiye n'chifukwa chiyani tikufukula zimene zinakwiririka. Anati mwana wa Chiyao akapita kusukulu anzake akamuloza chala. Mkulu wa mpingo anavomereza zonse, n'kuwonjezera kuti sakutiletsa masewero ayi. Tingosintha pang'ono. Ankhondowo akhale alendo ochokera kutali, Aluya kapena azungu, asalankhule chinenero cha kuno. Malume uja achoke. Zikatero sewerolo likhala lophunzitsa.

Ndinaimirira. "Abambo, ndamva. Koma alendo ochokera kutali kanjira kakuseri kwa phiri akanakadziwa bwanji? Anakwera phiri lija ndi anthu akuda ngati ife, olankhula zomwe timamva pamsika tsiku lililonse. Mukufuna tiveke mzungu mlandu wonse kuti ife tizigona bwino. Iye ali nawo wake, waukulu, makolo anga anaulawa m'maesiteti. Koma uwu ndi wathu. Sindisintha."

"Ukulankhula ndi akuluakulu," anatero mkulu wa mpingo.

"Ndikudziwa, abambo. N'chifukwa chake sindikukunamizani."

M'kalasimo munabuka phokoso. Pakati pa phokosolo panaimirira nkhalamba ina imene inakhala pakona, amjomba ake a mnzanga, ndiye kuti alongo a amayi ake. Anali osoka maukonde, maso atayamba kuchita khungu, munthu wosalankhulalankhula. Anayenda mogwira madesiki mpaka pa tebulo, n'kupempha kuti awapatse golilo. Analinyamula, naliyeza m'manja, napapasa mphanda yake.

"Anasema ndani ichi?"

"Amuna anga, agogo," ndinayankha.

"N'chopepuka. Lenileni munthu sankatha kugona nalo chagada. Ndipo apa sankatsekapo ndi kamtengo, ankakhomapo chitsulo." Analibwezera pa tebulo. "Agogo anga, amayi awo a amayi anga, anali ndi chipsera apa ndi apa." Anagwira mbali ziwiri za khosi lawo. "Ankavala mikanda yambiri kuti chisaoneke. Ndinachiona ndili mwana, akusamba m'khosi. Anawagwira ku Chisi komweko ali kamtsikana. Sanapite kunyanja yamchere chifukwa amene anawagwirayo anawasunga, pambuyo pake anawakwatira. Anabereka amayi anga."

Ndinayang'ana mnzanga. Maso ake anali pa amjomba ake. Sankadziwa.

"Zimenezi sizinenedwa pagulu," anatero a shehe chapansipansi.

"Ndakhala osanena mpaka maso atha," inatero nkhalambayo. Kenako inatembenukira kwa ife. Ndinkaganiza kuti tapeza wotiikira kumbuyo, koma ayi. "Inu ana, sewero lanulo ndinalimva lonse, ndinali pansi pa mtengo. N'labodza. Osati poti mwanena zambiri. Mwanena zochepa. Agogo anga palibe anawazulira chikhomo. Panalibe mnzawo. Anatunga madzi pakhomo pa amene anapha abale awo mpaka anamwalira, chinenero chawo ankangochilankhula akamadwala. Inu mwaika womasula kuti anthu abwerere kwawo mitima ili m'malo. Chimenecho ndiye chandinyansa."

Anabwerera pakona pawo. Msonkhanowo sunayendenso bwino. Achibale ena a mnzanga anatuluka atakwiya, poti mawu oti mdzukulu wa kapolo kwathu kuno akadali chitonzo, ngakhale aliyense amanamizira kuti anaiwalika. Pomaliza anagamula kuti bwalo la sukulu, la tchalitchi ndi la mzikiti sitidzachitiraponso sewero limeneli.

Masiku awiri mnzanga sanatsegule makina. Tsiku lachitatu ndinamupeza kumunda kwake akugalauza, ngakhale mvula inali kutali. Ndinatenga khasu lina n'kuima mzere woyandikana.

"Amjomba akowo anena zoona," ndinatero. "Aphunzitsi aja ananenanso zomwezo, ine n'kuwakalipira. Mwina tichotse zomasulazo. Mtsikana wogwidwayo apite basi ndi amalondawo."

Anaponya khasu pansi. "Usayerekeze."

"Koma ngati sizinachitike..."

"Ukudziwa bwanji? Kwa agogo aja sizinachitike. Ndiye m'midzi yonse ija, zaka zonse zija, sipanapezeke mtsikana mmodzi yemwe amene anamvera mnzake chisoni? Mmodzi yekha? Ndagona masiku awiri ndikuganiza. Amene anakoka chingwe ndi gogo wanga. Amene anakokedwa ndi gogo wanganso. Onse ali m'magazi mwangamu, sindingasanze mmodzi. Ukachotsa mtsikana womasulayo, wandisiyira chiyani choti ndiuze ana anga? Kuti kwathu kunali ogwira ndi ogwidwa basi?"

"Nanga amjombawo?"

"Amjomba ali ndi agogo awo. Tiwaikamo. Koma wangayo sachoka."

Tinakhala pamzere pomwepo n'kukonza. Tinawonjezera mtsikana wachitatu, wogwidwa tsiku limodzi ndi mnzake. Iyeyo salankhula mawu ngakhale amodzi. Amakhala pambali pa bwalo kuyambira nkhondo itatha, goli lili m'khosi, awiri aja akuimba ndi kugawana chinangwa iye palibe womuyang'ana. Mnzake akathawa iye amatsala. Pomaliza mmodzi wa ankhondo amamuvula golilo, n'kumupatsa mtsuko, n'kumulozera kuchitsime. Zina zonse tinasiya momwemo, Chiyao cha ankhondo, nsalu ya malume. Mgolo wokha ndiwo tinauchepetsa, kuti pakati pa kulira ndi kulira ankhondo aziyamba agogoda mfuti zawo.

Vuto linali malo. Ndinawadandaulira amuna anga akusema goli lachiwiri, lolemera tsopano, la mtengo wauwisi, ndipo anayankha osadzutsa mutu. "Akuletsani mabwalo awo. Pansi pa nyanja pali bwalo la ndani?"

Ndiye tinakachitira pamenepo. Loweruka lina masana tinayenda kupitirira doko, kudutsa pomwe mabwato amakocheza madzi akakhalapo, mpaka pamalo osalala pakati pa mabwato awiri ogadabuzika. Phiri la Chisi linali kumbuyo kwathu, silinafunike kujambula pansalu. Tinali asanu, ndiye aliyense anatenga mbali ziwiri kapena zitatu. Amene ankachita malume ankathamangira kuseri kwa bwato n'kutulukira ali wamalonda. Mnzanga anafika mochedwa, atanyamula chidebe ngati akupita kokatunga madzi. Sindinamufunse kuti kunyumba watsanzika bwanji.

Tinayamba pali anthu osakwana makumi awiri, ambiri mwa iwo ongodutsa. Koma pamalo poteropo munthu amaonekera kutali, ndipo mgolo umamveka mpaka kumsika. Pofika pa nkhondo anthu anali akutsika kudoko m'magulumagulu, ena ndi njinga, ena ndi maambulera. Ena anabwera kudzasokoneza. Mwamuna wina anakuwa kuti tikuchititsa manyazi mtundu, sindikudziwa mtundu uti, ndipo amayi ogulitsa tomato anamuuza kuti akhale pansi akuwatchinga. Chibuluma cha dothi chinagwera pafupi ndi phazi langa ndikupereka madzi. Sindinaleke. Ndinanena mawu anga mokweza kuposa kale, kuti woponyayo amve bwino.

Amene anthu anamuyang'ana kwambiri ndi mtsikana wosalankhula uja. Anachita mbali imeneyo ndi mayi wina wogulitsa mbatata, wamanyazi, amene m'masewero a kolera ankangonyamula ndowa. Anakhala padzuwa lija ndi chimtengo chauwisi m'khosi, thukuta likuyenderera, osasuntha. Atamupatsa mtsuko n'kuyamba kuyenda yekha kulowera kumene kunali madzi kale, mayi wina m'gulu la oonera analira mokweza ngati pamaliro, anzake n'kumugwira.

Amjomba aja sanabwere. Mnzanga atakawafotokozera za mtsikana wachitatuyo anangoti, "Womasula uja akadalimo?" Atamva kuti akadalimo anati, "Ndiye likadali labodza," n'kupitiriza kusoka ukonde wawo. Anamwalira chaka chotsatira asanasinthe maganizo, ndipo ife sitinasinthe athu. Aphunzitsi opuma anabwera, anaima kumbuyo ndi pepala lawo. Potha anandipeza ndikupukuta makala kumaso kwa mnzathu wina. Anati mfuti tsopano zili bwino, koma mauta tikugwira ngati mipini ya makasu, ndipo za chinzake zija maganizo awo ndi omwe aja. Ndinawathokoza. Anandipatsa pepalalo kuti ndikawerenge kunyumba, ndipo linali lodzaza mbali zonse ziwiri.

Tinalichitanso kawiri pamalo omwewo mvula isanagwe. Kenako mitsinje inasefukira, madzi anabwerera, bwalo lathu linamira, matemba anayambanso kugwidwa ndipo aliyense anabwerera ku ntchito yake. Mnzanga makasitomala ena anabwerera, ena mpaka lero amapita ndi nsalu zawo ku Songani. Banja lake linagwedera miyezi ingapo koma silinathe. Achibale ake ena samupatsabe moni, akuti ndiye anachititsa kuti nkhalamba ija iulule zapakhomo.

Ine mlandu wanga unatsalira kutchalitchi. Ndinali mlembi wa gulu la amayi, ndipo anandichotsa chifukwa chosamvera akuluakulu. Anandiuza kuti ndikapepesa pamaso pa mpingo zonse zitha. Lamulungu lina mapemphero ali pakati mkulu wa mpingo uja anandiitana kutsogolo. Ndinapita, ndinagwada monga mwa mwambo, kenako ndinaimirira n'kuyang'ana anthu. Ambiri mwa iwo ndinawaona kunyanja kuja, ena kawiri konse.

"Abambo ndi amayi," ndinatero, "ngati pali amene ndinamulankhula mwamwano m'kalasi muja, andikhululukire, pakamwa panga pamathamanga. Koma ngati mukudikira kuti ndinene kuti sewero lija linali lolakwa, tikhala pano mpaka madzulo, ndipo ena mwasiya nyemba pamoto."

Wina anaseka kumbali ya amayi n'kudzitseka pakamwa ndi chitenje. Mkulu wa mpingo sanaseke. Anandilozera benchi lakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, pomwe amakhala anthu oimitsidwa: atsikana otenga mimba asanakwatiwe, amuna a mitala, ophika kachasu. Ndinanyamula buku langa la nyimbo n'kupita kukakhala pakati pawo. Anandisendera bwinobwino.

Ndinakhala pa benchi limenelo kuyambira nthawi yodzala mpaka mpunga unakololedwa. Sindinajombe Lamulungu ngakhale limodzi, ndipo nyimbo ndinkaimba mokweza kuti akutsogolo adziwe kuti ndabwera. Kenako kunabwera abusa atsopano. Atamva nkhani yonse anandiitanira ku ofesi kwawo n'kundifunsa ngati tsopano ndili wokonzeka kupepesa. Ndinati ayi. Kenako anafunsa ngati kope lija ndikadali nalo, poti akufuna awerenge okha asanagamule. Ndinawauza kuti ndilibwereketsa, koma abweze msanga ndipo asalembemo kanthu.